Kuthamanga osadontha mkodzo: mmene mayi angasamalire minofu ya pamimba ndi ya pansi pa chiuno

Mayi akamayamba kuthamanga amadziwiratu kuti akatumba adzawawa, kuphazi kudzatuluka matuza, ndipo pachitunda padzakhala wefuwefu. Chimene sauzidwa n'chakuti tsiku lina, atathamanga mphindi 20, adzamva kunyowa m'kabudula koma osati kwa thukuta. Ine zinandigwera patatha miyezi 5 nditabereka mwana wachiwiri. Ndinachita zimene ambirife timachita: kugula zovala zakuda, kusiya kumwa madzi ndisanatuluke, n'kutseka pakamwa. Pa zitatuzo palibe chinathandiza, ndipo chachiwiricho chinangokulitsa vuto.

Kudontha mkodzo pothamanga kumachitikira akazi ochuluka zedi, ngakhale atsikana amene sanaberekepo. Koma poti n'kofala sindiye kuti ndi chibadwa cha mkazi. Thupi likungokuuzani kuti katundu amene mwasenzetsa minofu ina waposa mphamvu imene ili nayo panopa. Zochita zilipo ziwiri, kupepuza katunduyo ndi kuwonjezera mphamvuyo, ndipo ambirife timafunika zonse.

Dziwani kaye chimene chili mkatimo

Mafupa a m'chiuno ali ngati beseni lobooka pansi. Chotseka pobookapo ndi minofu yoyalidwa kuchokera pa fupa la pachinena kukafika pa kafupa komalizira msana, komanso kuchokera pa fupa lokhalira la kumanzere kukafika pa la kumanja. Gulu lalikulu la minofuyi madokotala amalitcha levator ani. Pamwamba pake patsamira chikhodzodzo, chiberekero ndi thumbo losunga chimbudzi. Mwa mkazi minofuyi yabooledwa patatu: njira ya mkodzo, njira yoberekera ndi kotulukira chimbudzi. Mwamuna ali ndi mabowo awiri okha, chiuno chake n'chopapatiza, ndipo sasenza pakati miyezi 9. N'chifukwa chake nkhaniyi imagwera ife kwambiri.

Minofu imeneyi sigwira ntchito payokha. Taganizirani chitini. Chivindikiro chake ndi mnofu wopumira umene uli pansi pa mapapo, uja amati diaphragm. Khoma lake ndi minofu ya pamimba, makamaka wamkati kwambiri wotchedwa transversus abdominis, umene umazungulira mimba ngati lamba, pamodzi ndi timinofu ta m'mbali mwa msana. Tako la chitinicho ndiye minofu ya pansi pa chiuno. Mukakoka mpweya chivindikiro chimatsika, mimba imafufuma pang'ono, pansipo pamatsikanso pang'ono. Mukatulutsa mpweya zonse zimabwerera m'mwamba. Tsono chitini mukachifinya pakati, zam'kati zilibe kolowera koma kukankha chivindikiro kapena tako. Musachiiwale chitinichi, tichipezanso kutsogoloku.

Pothamanga, phazi likamenya pansi thupi limalandira mphamvu yoposa kulemera kwake kawiri kapena katatu. Mayi wolemera makilogalamu 60 ndiye kuti akulandira makilogalamu 120 mpaka 180 pa mwendo umodzi, ndipo ngati akuponda ka 160 pa mphindi, m'theka la ola waponda ka 4,800. Nthawi iliyonse ziwalo za m'mimba zimagwedezekera pansi. Minofu yathanzi imakungika yokha phazi lisanafike pansi, mwiniwake osaganizako n'komwe. Ikafooka, ikachedwa kapena ikatopa, njira ya mkodzo imatseguka kwa kamphindi, dontho n'kutuluka.

Kale akazi ankaopsezedwa kuti akathamanga mtunda wautali chiberekero chidzagwa. Zimenezi zinkanenedwabe pamene Kathrine Switzer, mkazi wa ku America, ankathamanga mpikisano wa makilomita 42 wa Boston Marathon mu 1967, ndipo mpikisano wa akazi wa makilomita 42 unalowa mochedwa m'masewero a Olympics, mu 1984 ku Los Angeles. Mantha amenewo analibe mutu. Komabe tisagwere mbali inayo n'kumati kulimba thupi kumateteza zonse. Kafukufuku wa ku Sweden wofalitsidwa mu 2002 anapeza kuti atsikana 8 mwa 10 alionse, akatswiri odumpha pa trampoline (chinsalu chokungidwa ndi masipuling'i chimene chimaponya munthu m'mwamba), ankadontha mkodzo poyeserera, chonsecho anali achichepere, amphamvu ndi osaberekapo. Mkazi akhoza kukhala ndi miyendo yachitsulo, pansi pa chiuno pakulephera.

Nanga pamimba? Pothamanga minofu ya pamimba imagwira ntchito ngati zomangira: imaletsa thunthu kupotoka pamene mwendo wina uli kutsogolo ndi dzanja lina kumbuyo. Imaphunzira kupirira, koma siikula kwenikweni. Kuthamanga pakokha sikutseka mpata wotsala pamimba mutabereka, ndipo mafuta sachoka pamalo amene mwasankha inu.

Choyamba: masabata awiri ongomvetsera

Musanasinthe kalikonse, muzilemba zimene zachitika mukangobwera kothamanga. Kunyowa kunayamba pa mphindi ya chingati? Munali potsetsereka, munali pa liwiro, kapena kunali kumapeto mutatopa? Munamwa chiyani musanatuluke? Ena amaona kuti zimakula msambo ukayandikira, ndiye lembaninso tsikulo. Zolembazi zidzakuuzani malire anu, ndipo mukadzapita kuchipatala mudzakhala ndi chonena osati kungoti "zimachitika nthawi zina".

Siyanitsaninso mitundu iwiri. Mkodzo wotuluka popanda chenjezo, podumpha, potsokomola kapena poyetsemula, ndi wa minofu yolephera kutseka. Koma ngati mkodzo umakugwirani mwadzidzidzi n'kutuluka musanafike kuchimbudzi, vuto lili makamaka pa chikhodzodzo chopupuluma chimene chimafinya nthawi isanakwane. Ena ali ndi zonse ziwiri. Zina zofunika kulemba ndi kulemera kumaliseche ngati chinachake chikufuna kutuluka, makamaka madzulo, mpweya woipa kapena chimbudzi kutuluka musanafune, kupweteka pachinena kapena pogonana, ndi kamzere kotukuka pakati pa mimba podzuka pabedi.

Pali zizindikiro zina zosafuna kudikira masabata awiri. Magazi mumkodzo, kuwotcha pokodza limodzi ndi kutentha thupi, chotupa chooneka pakhomo la njira yoberekera, dzanzi pakati pa miyendo, kapena magazi osakhala a msambo: siyani kuthamanga, pitani kuchipatala. Mkodzo wotuluka usana ndi usiku osaleka, makamaka mutabereka movutikira, ukhoza kukhala fistula. Limenelo ndi bowo, ndipo bowo silitsekeka ndi mafizo, limafuna opaleshoni.

Chachiwiri: ipezeni minofuyo

Apa m'pamene ambiri amasochera, ndiye tichedwapo. Gonani chagada, mawondo opinda, mapazi pansi. Dzanja limodzi likhale pamimba, lina pathako. Pumani modekha katatu. Potulutsa mpweya, finyani kumbuyo ngati mukubweza mpweya woipa pagulu la anthu, pitirizani kufinyako kutsogolo ngati mukuimitsa mkodzo, kenaka kokerani zonse mkati, m'mwamba. Mawu ake ndi awiri: tsekani, kwezani. Matako asalimbe, ntchafu zisapanane, mpweya usaime. Pansi pa mchombo pakalimba pang'ono palibe vuto, poti minofu iwiriyi imayendera limodzi. Koma mimba yonse ikauma gwa kapena ikatukuka, mwagwira pena.

Musangokhulupirira zimene mukumva, onani. Tengani kalilole, yang'anani khungu la pakati pa njira yoberekera ndi kotulukira chimbudzi. Pofinya liyenera kulowa mkati. Likamatukukira kunja ndiye kuti mukukankha ngati wobereka, zimene ndi zosiyana kwambiri ndi zimene tikufuna. Mungathenso kusamba m'manja n'kulowetsa chala chimodzi: muyenera kumva chikugwiridwa ndi kukokedwa pang'ono. Zimenezi si zochititsa manyazi. Kafukufuku wa ku America wa mu 1991 anapeza kuti akazi atangouzidwa pakamwa mmene angafinyire, pafupifupi theka lokha ndi amene anachita molondola, ndipo mmodzi mwa anayi alionse ankachita mwa njira yoti ingakulitse kudonthako. Ngati simukumva kanthu kapena mukukayika, mzamba kapena katswiri wa fiziyo (wochiza ndi mafizo) wodziwa za amayi akhoza kukupimani mphindi zochepa n'kukuuzani zoona.

Ena amalangiza kuyeserera pokodza. Kuimitsa mkodzo kamodzi kuti mudziwe pamene pali minofuyo si tchimo, koma chisakhale chizolowezi, chifukwa chikhodzodzo chimazolowera kusamaliza ntchito.

Mukafinya, masulani mpaka kumapeto. Muyenera kumva kutsikako monga munamvera kukwerako. Kumasula ndi theka la ntchito, ndipo kukutifikitsa pa funso limene ambiri salifunsa.

Chachitatu: yafooka kapena yamangika?

Si aliyense wodontha mkodzo amene ali ndi minofu yofooka. Mwa akazi ena, makamaka othamanga kwambiri ndi amene amakhala ndi nkhawa, minofuyi imakhala yokungika nga! tsiku lonse. Yesani kufumbata chibakera kwa ola lathunthu, kenaka wina akuponyereni mpira kuti muwakhe. Dzanjalo si lofooka, koma latopa ndipo lilibe poyambira kufinya. Zizindikiro za minofu yomangika ndi kupweteka pogonana kapena polowetsa tampon (kathonje koika mkati pa nthawi ya msambo), mkodzo kuchedwa kuyamba, kumva ngati simunamalize kukodza, kudzimbidwa, ndi kuwawa kwa mkati mwa chiuno mukabwera kothamanga.

Ngati izi zikukukhudzani, kuwonjezera kufinya kuli ngati kuthira mchere pabala. Yambani ndi kumasula. Gonani chagada miyendo itatsamira pampando, kapena gwadani n'kukhazika matako pazidendene, chipumi pansi. Kokani mpweya pang'onopang'ono mpaka nthiti zitambasukire m'mbali, ndipo lolani pansi pa chiuno patsike ndi mpweyawo. Nsagwada zikhale lende. Chitani mphindi 5 m'mawa ndi madzulo kwa masabata angapo musanayambe kulimbitsa, ndipo kupweteka kukapitirira kaonaneni ndi a fiziyo.

Chachinayi: limbitsani, tsiku ndi tsiku

Mafizo ofinyawa amadziwika ndi dzina la Arnold Kegel, dokotala wa amayi wa ku America amene anawafalitsa mu 1948. Bungwe la NICE, lopereka malangizo a zaumoyo ku Britain, limati mkazi wodontha mkodzo ayambe ndi mafizowa asanaganize za opaleshoni: kufinya kosachepera ka 8, katatu pa tsiku, kwa miyezi yosachepera 3. Miyezi itatuyo ndi imene imagonjetsa anthu. Ambiri amachita sabata imodzi, osaona kusintha, n'kusiya. Mnofu wa pamkono sukula m'sabata imodzi, uwunso chimodzimodzi.

Chitani mitundu iwiri. Woyamba ndi wogwira nthawi: finyani, kwezani, gwirani masekondi amene mungathe osaimitsa mpweya, kaya ndi 3 okha, kenaka pumulani nthawi yofanana kapena yoposerapo. Bwerezani ka 8 mpaka 12. Sabata ndi sabata onjezerani sekondi mpaka mufike pa 10. Wachiwiri ndi wachangu: finyani mwamphamvu, masulani kotheratu, ka 10 motsatizana. Wothamanga asanyalanyaze wachiwiriwu, chifukwa phazi limakhala pansi kwa nthawi yosakwana theka la sekondi ndipo minofu iyenera kuyankha pomwepo. Mukaona kuti kufinya kwayamba kuzilala, lekani. Kufinya 6 kwabwino kumaposa 20 kwa matako ndi ntchafu.

Musakhalitse chogona. Palibe amene amadontha atagona chagada. Pakatha masabata awiri kapena atatu yambani kuchita mutakhala pampando, kenaka mutaimirira, kenaka mutaima ndi mwendo umodzi. Mukafika apo, phatikizani ndi kuyenda kwa thupi: nyonyomalani mukukoka mpweya, dzukani mukutulutsa mpweya ndi kukweza pansipo. Kudumphadumpha pang'ono kubwere kumapeto.

Palinso kachenjerero kamene ofufuza a ku University of Michigan anakafalitsa mu 1998 n'kukatcha the Knack: kufinya msanga musanatsokomole, musanayetsemule kapena musananyamule mwana. Kameneka kamathandiza ena m'masiku ochepa, mphamvu isanawonjezeke n'komwe, chifukwa kamakonza nthawi yofinyira. Koma chonde musathamange mutafinya. Palibe mnofu ungakungike kwa theka la ola n'kumayankhabe kugunda kulikonse. Limbitsani kunyumba, panjira isiyeni igwire yokha.

Chachisanu: isiyeni mimba ipume

Tabwerera ku chitini chija. Ambirife tinazolowera kukoka mimba kuyambira tili atsikana, ndipo tikavala zothina zothamangira timakoka kwambiri kuti tioneke bwino. Pamenepo tikufinya chitini pakati. Chivindikiro sichitsika bwino, mpweya umathera pachifuwa, ndipo mphamvu yonse imalowera pansi, pamene pali kale pamavuto. Kwa ine kusiya chizolowezi chimenechi kunasintha zinthu msanga kuposa china chilichonse, ngakhale sabata yoyamba ndinkaona ngati aliyense akuyang'ana mimba yanga. Palibe ankayang'ana. Lamba kapena kabudula wothina kwambiri pamchombo amachitanso zomwezo.

Amene munabereka, pimani mpata wa pamimba. Minofu iwiri yoongoka ya kutsogolo imalumikizana ndi kamzere kolimba kotchedwa linea alba, kamene kamatanuka pakati pakamakula. Gonani chagada, mawondo opinda, ikani zala pamwamba pa mchombo, n'kudzutsa mutu pang'ono. Werengani zala zimene zikulowa pakati pa minofu iwiriyo, ndipo pimaninso pamchombo penipeni ndi pansi pake. Mwa ambiri mpata umachepa wokha m'masabata 8 oyambirira. Ukapitirira zala ziwiri pambuyo pa nthawi imeneyo, funsani thandizo. Koma musatengeke ndi kukula kokha. Funso lalikulu n'lakuti zala zikumira ngati m'thope, kapena zikugunda pokungika? Mpata wa zala ziwiri wolimba pansi umasenza katundu bwino kuposa wa chala chimodzi wofewa.

Polimbitsa, yambani ndi zooneka zachibwana. Mutagona chagada, tulutsani mpweya, kwezani pansi pa chiuno, lolani pansi pa mchombo palimbe pang'ono, kenaka tsetseretsani chidendene chimodzi mpaka mwendo uwongoke n'kuubweza, msana osasuntha. Zikaphweka, nyamulani matako m'mwamba mapazi ali pansi. Kenaka gwadani ngati mwana wokwawa n'kutambasula dzanja lamanja ndi mwendo wamanzere nthawi imodzi, thunthu osapendekeka, n'kusinthana. Pambuyo pake gonani cham'mbali, tsamirani chigongono ndi mawondo, n'kunyamula chiuno kwa masekondi 15 mpaka 30. Izi ndi zimene zimafanana ndi ntchito ya mimba pothamanga, yoletsa thunthu kupotoka. Lamulo ndi limodzi: mukaona kamzere kakutukuka pakati pa mimba, mukaimitsa mpweya, kapena mukamva kukankha pansi, mwafulumira, bwererani pa chophweka. Mafizo odzuka chogona aja si oletsedwa, koma akhale omalizira.

Matako musawaiwale. Akafooka, chiuno chimapendekeka pa kuponda kulikonse ndipo minofu ya pansi imalipira ngongole ya ena.

Za kulasa kwa m'nthiti kumene kumagwira pothamanga, pali zochepa zonena. Siyani maola awiri pakati pa chakudya chachikulu ndi kuthamanga, pewani zakumwa zotsekemera kwambiri musanatuluke, ndipo kukakugwirani chepetsani liwiro, dinani pamalopo n'kutulutsa mpweya wonse kangapo.

Chachisanu ndi chimodzi: pepuzani kathamangidwe

Werengani kuti phazi lamanja likuponda kangati m'masekondi 30, n'kuchulukitsa ndi 4. Mukapeza 39, ndiye kuti mukuponda ka 156 pa mphindi. Yesani kuwonjezera ndi 5 kapena 10 pa 100 alionse, kutanthauza ka 164 mpaka 172, koma liwiro likhale lomwelo. Kuti zitheke muyenera kufupikitsa masitepe, ndipo sitepe yaifupi imagwetsa phazi pafupi ndi thupi m'malo mokaliponya kutsogolo ngati buleki. Kugunda kumachepa m'mawondo, m'chiuno ndi pansi pomwe. Mvetserani mapazi anu. Akamamveka thi! thi! thi! patali, minofu yanu ikumvanso chimodzimodzi.

Weramirani kutsogolo pang'ono kuchokera mu akakolo, osati kupinda m'chiuno, kuti nthiti zikhale pamwamba pa mafupa a m'chiuno. Ambiri, makamaka titabereka, timathamanga chifuwa chili m'mwamba, msana wopindikira kumbuyo, ndipo chitini chimakhala chopendekeka. Kutsetsereka kumagunda kwambiri kuposa pamalo athyathyathya, pamene chitunda chaching'ono chimachepetsa kugunda ngakhale chimatopetsa mapapo. Pa masabata oyambirira kwerani mothamanga, tsikani moyenda.

Tsopano tsegulani zolemba zija. Ngati kunyowa kumayamba pa mphindi ya 20, malire anu ndi amenewo. Thamangani mphindi 15, kapena gawani: mphindi 4 kuthamanga, imodzi kuyenda. Cholinga n'chakuti minofu izolowere kumaliza ulendo isanalephere. Onjezerani chinthu chimodzi pa nthawi, mtunda kapena liwiro, osati zonse pamodzi. Liwiro likhale loti mungathe kulankhula chiganizo chathunthu, chifukwa wothamanga ali wefuwefu amaumitsa mimba osadziwa.

Chikhodzodzo ndi matumbo

Kusiya madzi ndi msampha umene ndinagweramo. Mkodzo ukachepa madzi umakhala waukali, umakwiyitsa chikhodzodzo, ndipo mumamva kufuna kukodza pafupipafupi. Imwani pang'onopang'ono tsiku lonse kuti mkodzo uzikhala wotuwira, m'malo mogugudiza botolo lonse mutatsala pang'ono kutuluka. Khofi, tiyi wamphamvu ndi zakumwa zina zokhala ndi caffeine zimasokosa chikhodzodzo cha anthu ambiri, ndiye yesani kuthamanga musanamwe n'kuona kusiyana. Kukodza kamodzi musanatuluke n'kwanzeru. Kukodza katatu "kuchitira mwina" kumaphunzitsa chikhodzodzo kulira chisanadzaze, pomwe cha munthu wamkulu chimasunga mamililita 400 mpaka 600.

Kudzimbidwa ndi mdani wachinsinsi. Thumbo lodzaza limapanikiza chikhodzodzo, ndipo kudzikakamiza m'chimbudzi tsiku ndi tsiku kumatanula minofu yomwe mukuvutika kulimbitsayo. Idyani masamba, zipatso ndi zakudya zosakonola, ndipo ngati chimbudzi chanu n'chokhalira, ikani kampando kumapazi kuti mawondo akwere kuposa chiuno. Chifuwa chosatha, kaya cha fodya kaya cha matenda, chimagundanso pamalo omwewo ndipo chimafuna kuchizidwa.

Kwa amene wangobereka kumene

Kuthamanga sikufika. Mu 2019 akatswiri atatu a fiziyo a ku UK, Tom Goom, Gráinne Donnelly ndi Emma Brockwell, analemba malangizo amene ambiri akutsatira lero, ndipo amati mayi asathamange miyezi 3 isanakwane atabereka. Kupimidwa kwa pa masabata 6 kumangoona ngati mabala apola, sikutanthauza kuti minofu yabwerera. Izi zikukhudzanso wobereka pa opaleshoni. Mwana sanadutse pansi, inde, koma minofuyo inasenza katundu miyezi 9, ndipo pa masabata 6 khoma la pamimba lodulidwalo limakhala litangobweza pafupifupi theka la mphamvu yake.

Miyezi itatuyo si yongokhala. Kufinya kopepuka kungayambe m'masiku oyambirira ngati sikukupweteka, kuyenda kuzionjezeka sabata ndi sabata, ndipo mafizo a pamimba ndi matako aja abwere pang'onopang'ono. Nthawi ikakwana, dziyeseni musanavale nsapato. Malangizo aja amati muthe kuyenda mphindi 30, kuima ndi mwendo umodzi masekondi 10, kunyonyomala ndi mwendo umodzi ka 10 mbali iliyonse, kuthamanga pamalo amodzi mphindi imodzi, kudumphira kutsogolo ka 10, ndi kudumpha ndi mwendo umodzi ka 10 mbali iliyonse, zonsezi popanda kudontha, kulemera pansi kapena kupweteka. Pa mphamvu, yesani kufika ka 20 ponyamuka pa zala za phazi limodzi, ponyamula matako ndi mwendo umodzi, ndi podzuka pampando ndi mwendo umodzi. Mukalephera chimodzi, mwapeza ntchito ya masabata awiri otsatirawo.

Mukapambana, yambani ndi mphindi imodzi kapena ziwiri zothamanga pakati pa kuyenda, n'kupuma tsiku limodzi musanabwerezenso. Magazi akayambiranso kapena chipsera chikapweteka, imani. Woyamwitsa ayamwitse kaye asanatuluke, avale bra yogwira bwino, ndipo adziwe kuti poyamwitsa mahomoni achikazi otchedwa estrogen amakhala otsika, zimene zimaumitsa ndi kupyapyalitsa khungu la mkati, moti zizindikiro zina zimachepa akadzasiya kuyamwitsa.

Wina adzakuuzani za Paula Radcliffe, wothamanga wa ku Britain amene anabereka mu January 2007 n'kupambana New York Marathon mu November chaka chomwecho. N'zoona. Koma pakati pa miyezi imeneyo fupa la kumunsi kwa msana wake linang'aluka chifukwa cha kuyeserera, ndipo anaima kaye kuthamanga, chonsecho anali katswiri wozunguliridwa ndi madokotala.

Kudya mopereweza, kusiya kusamba, ndi zothandizira

Mkazi wothamanga kwambiri koma wodya pang'ono amawononga zambiri mwakachetechete. Komiti ya Olympics inapatsa vutoli dzina lakuti RED-S mu 2014. Thupi likasowa mphamvu msambo umasokonekera, mafupa amafooka, minofu imalephera kudzikonza, ndipo kudontha mkodzo kumapezeka kwambiri mwa akazi oterowo. Msambo ukasowa miyezi 3 mulibe pakati, musanyadire kuti ndi chizindikiro cha kulimba thupi. Kaonaneni ndi dokotala.

Amayi amene akusiya kusamba, nthawi zambiri cha m'ma zaka 50, angadabwe kuona vuto limene analibe kapena limene linatha kale likubwera. Estrogen ikatsika, khungu la njira ya mkodzo ndi la njira yoberekera limapyapyala. Mafizo onse aja amagwirabe ntchito pa msinkhu uliwonse, ndipo dokotala akhoza kupereka mankhwala a estrogen opaka kapena oika mkati kwa amene akuyenera.

Padi imateteza zovala pamene mukulimbitsa minofu, ndipo palibe cholakwa kuivala, bola ikhale yopangidwira mkodzo chifukwa ya msambo imanyowetsa khungu n'kulisupula. Ena amathandizidwa ndi tampon yoikidwa pa nthawi yothamanga yokha, poti imachirikiza njira ya mkodzo kuchokera mkati, koma ichotsedwe mukangobwera. Chodalirika kuposa pamenepo ndi pessary, kachipangizo ka mphira wofewa koikidwa m'njira yoberekera kuti kagwire chikhodzodzo kapena chiberekero chimene chatsika. Kali ndi masayizi ndi maonekedwe osiyanasiyana, ndiye koyamba kasankhidwe ndi dokotala, namwino kapena wa fiziyo wophunzira ntchitoyi. Kakakwana bwino simukamva n'komwe, ndipo ambiri amaphunzira kukaika asanathamange n'kukachotsa okha akabwera. Ngati mwachita mafizo molondola miyezi 3 osaona kusintha, kapena miyezi 4 kwa amene chiwalo chatsika, tengani zolemba zanu zija mupite nazo kukafunsa za pessary ndi njira zina zimene achipatala ali nazo.